Kabati ya a Makwinja

Amuna opopera mankhwala pa esiteti ina ya tiyi kumtunda kwa Luchenza ankaopa anthu awiri: a manijala ndi mayi Esnat Makwinja. A manijalawo ankawaopa pang'ono chabe, poti ankabwera pagalimoto, injini n'kuwaulula akadali kutsidya. Mayi Esnat analibe injini. Ankangotulukira kuseri kwa chitseko, sipoko ya njinga ili m'manja, ndipo bambo wandevu zake ankayamba kuyang'ana pansi ngati mwana wogwidwa ndi shuga pakamwa.

Ntchito yawo inali yosamalira nyumba imene opoperawo ankasinthiramo zovala. M'nyumbamo munali mabafa, masinki ochapiramo, benchi, ndi mzere wa makabati achitsulo, munthu aliyense yake. Chitseko cha kabati iliyonse chinali ndi timabowo pamwamba ndi pansi kuti mphepo izidutsa, ovolosi yonyowa iziuma, jombo zisamanunkhe. Nkhondo ya mayi Esnat ndi amuna aja inali pa timabowo timeneti.

Mayiwa anabadwira kumalayini a esiteti yomweyo. Minda ya tiyi anayamba kuiona ali kumbuyo kwa mayi awo, ndipo sukulu itawakanika mu sitandade sikisi, palibe anafunsa kuti mtsikanayu achita chiyani. Dengu linali likuwadikira kale. Anatchola tiyi m'mvula ndi m'chiperoni, pepala la pulasitiki lili m'chiuno, mpaka zala zinakakala moti singano sankaimvanso ikawabaya. Sanali munthu wodandaula. Pakamwa pokha ndi pamene panali pakuthwa, ndipo akapitawo ambiri anaphunzira kuyeza dengu lawo mosamala.

A Josiah Makwinja anakumana nawo kutchalitchi cha Sabata kumishoni. Anali mnyamata wamtali wochokera ku Khonjeni, woyimba besi m'kwaya, besi yake yonyamuka mochedwa n'kukafika anzake atakhala kale pansi. A Esnat anaseka pamaso pawo osabisa. A Josiah anati munthu woseka chonchi ndi wofunika kumuyang'anira pafupi, ndipo chaka chisanathe ankhoswe anali atakumana. Mkamwiniyo anadzamanga nyumba pamudzi wa apongozi ake, m'malire mwa esiteti, n'kulowa ntchito yopopera. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, Joy.

Masiku amenewo wopopera ankaweruka ovolosi ili pathupi, n'kukanyamula mwana asanasambe n'komwe. Mkazi ankachapa ovolosiyo kudambo, pamwala womwewo wochapirapo matewera, ndipo palibe ankaonapo cholakwika. Zinthu zinasintha pamene ogula tiyi a kunja anayamba kufunsa mafunso. Kampani inamanga nyumba ija n'kulamula kuti chovala chilichonse chokhudza mankhwala chizigona pa esiteti. Panafunika munthu wochapa ndi kuyang'anira. Msana wa a Esnat unali utayamba kale kukana dengu, ndiye a Simeoni, kapitawo wa opopera amenenso anali mkulu wa mpingo, anakawatchula dzina kuofesi.

Amuna aja mabafa anawakonda, sopo waulere anamukonda kwambiri, koma timabowo ayi. Kuno munthu sasiya poyera chovala cha thukuta lake. Aliyense anakula akumva kuti woipa mtima akapeza kaulusi kokha ka malaya ako, wathana nawe. Ndiye kabati yamabowo ankaiona ngati nyumba yopanda chitseko: wina akhoza kulowetsa kawaya n'kukoka ulusi, wina akhoza kuuziramo ufa wa zitsamba, mawa miyendo n'kutupa. Ngakhale ena a m'kwaya, amene pa Sabata ankati zimenezo n'zachikunja, Lolemba ankabwera ndi nyuzipepala m'thumba. Anatseka timabowo ndi mapepala, ena nsanza, ena phula. Pasanapite nthawi maovolosi anachita chuku, ndipo jombo zinanunkha moti ngakhale ntchentche zinkabwerera pakhomo.

Apa m'pamene mayi Esnat anazula sipoko pa njinga yakufa ya amuna awo.

"Abambo inu, ovolosi yonyowa imafuna kupuma ngati inu nomwe," ankatero akutokosa bowo ndi bowo.

"Mayi, inu simukudziwa," ankayankha a Ben, wopopera wamakani kuposa onse. "Msuweni wanga ku Mulanje anamudula kansalu ka kolala basi. Lero akuyendera ndodo."

"Msuweni wanuyo ndimamudziwa, anagwa panjinga ataledzera. Inu chimene chidzakugwetseni ndi zipere, a Ben, osati mfiti. Mfiti yake iti ingapirire fungo limeneli?"

Amuna ankang'ung'udza m'Chilomwe, kuiwala kuti mayiwo Chilomwecho anachita kuyamwa. Mawa ankatsekanso, mayi n'kutsegulanso. Potsiriza amunawo ndi amene anatopa, makamaka ataona kuti kuvala ovolosi youma m'mawa wozizira n'kokoma, ndipo palibe mwendo unatupa.

A Josiah okha sanatsekepo kabati yawo. Anzawo ankati sikulimba mtima ayi, koma ankadziwa kumene amadya. Kabati yawoyo inali ya kumapeto, pafupi ndi windo. Pantchito a Josiah ankaitana mkazi wawo kuti "abwana", popereka ovolosi n'kupinda bondo pang'ono, anzawo n'kumafa nacho chiseko. Masana awiriwa ankakhala kuseri kwa nyumbayo kugawana chinangwa ndi peyala, osalankhula zambiri. A Josiah anali ndi chizolowezi chothyola masamba a mandimu m'mawa n'kuika m'thumba la pachifuwa, ati kuti fungo la mankhwala lisawalowe mumtima. Choncho pamulu wa maovolosi ofanana, yawo mayi Esnat ankaidziwa isanafike musinki: thukuta, tiyi wonyowa ndi mandimu.

Lachisanu lina chakumapeto kwa dzinja mvula inawapeza opopera kumunda wakutali. Anafika mochedwa, madzi ali chuchuchu. Dzuwa linali litapendeka, ndipo wa Sabata dzuwa la Lachisanu likapendeka sayambanso zochapa.

"Abwana, iyi ikhale ya Lolemba," a Josiah anatero akupachika ovolosi m'kabati, jombo n'kuziponya pansi pake. "Tiyeni, Sabata lingatipeze panjira."

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa mwake kutchalitchi, nyimbo ili pakati, a Josiah anakhala pansi mwadzidzidzi, dzanja litalefuka, pakamwa patapotoka. Anawathamangitsira kuchipatala ku Boma. Lolemba limene ananenalo, adzukulu anali akukumba manda.

Maliro anayenda bwino, monga amanenera anthu amene sanaferedwe. Amayi a Dorika anagwira ntchito ndi mtima wonse. Anaphika, anasesa, ndipo pofuna kuti mnzawo asadzavutike, anachapa mabulangete, nsalu za pabedi, mapilo, ngakhale thawulo la pamsomali. Tsiku losesa, abale a malemu motsogozedwa ndi mlongo wawo a Eunice anayala mphasa pabwalo kuti agawe zovala. Jekete la kutchalitchi linapita kwa amalume, malaya kwa ana a alongo, nsapato kwa mng'ono wawo. Ngakhale chipewa chong'ambika chinapeza mutu. Mayi Esnat anachifuna chipewacho moti mawu anafika pakhosi, koma anawameza. Mkazi wokakamira chovala cha malemu anthu amamunena, ndipo iwo omwe anakhalapo mbali inayo ya mphasa pamene mchimwene wawo anamwalira.

"Alamu, palibe china chatsala?" a Eunice anafunsa akupinda mphasa. "Nanga za kuntchito?"

"Za kuntchito n'za kampani, alamu," anayankha, osaganizapo kanthu.

Alendo atapita, mayi Esnat analowa m'nyumba n'kununkhiza ponseponse: pampando, papilo, kuseri kwa chitseko. M'nyumba monse munkangomveka sopo. Zinawapweteka kwambiri, chifukwa zinali ngati munthuyo sanakhalemo n'komwe.

Pakhomo sanakhalitse, nyumba yachete inawathamangitsa. Atabwerera kuntchito anayamba kukolopa monga mwa nthawi zonse, kuchokera kukhomo kulowera kuwindo. Atafika pa kabati ya kumapeto, kamphepo kanalowa pawindo, kanadutsa m'timabowo ta pansi n'kutulukira m'ta pamwamba, monga momwe okonza kabatiyo anafunira. Mayi Esnat anaima chilili, chokolopera chili m'manja. Thukuta, tiyi wonyowa, mandimu. Amuna awo anali momwemo.

Anagunditsa mphuno pachitsulo n'kukoka mpweya mpaka chizungulire. Kiyi anali pachingwe m'khosi mwawo, koma sanatsegule, poopa kuti chitseko chikangotseguka zonse zituluka kamodzi. Kenako anaganiza za mphepo ija. Imene inawabweretsera fungolo ndi yomweyo inkalitenga pang'onopang'ono kupita nalo kuminda. M'dziko lonse lapansi panalibenso pena pamene a Josiah anatsalira, ndipo mphepo inali ikuwaba.

Tsiku lomwelo, amuna ali kumunda, anang'amba mpendero wa chitenje chawo n'kuyamba kukanikizira tinsanza m'timabowo ndi sipoko yomwe ija. Pamwamba anamata sopo wofewa. Musaganize kuti sankadziwa. Ndani pa esiteti yonse ankadziwa kuposa iwo? Mvula inali isanakate chimwalirire a Josiah, ovolosiyo inali isanaume, ndipo jombo zija anaziona ndi maso awo zikuponyedwa chiimire, madzi ali m'kati. Koma chisoni chilibe makutu. Anadziuza kuti n'za masiku ochepa chabe, mtima ukangokhala pansi adzatsegula.

Amuna ataweruka anaona. Unali mwayi wobwezera zaka zonse za sipoko, ndipo pakamwa pa opopera sipasowa mawu. Koma palibe analankhula. A Ben, a makani aja, anangovula chipewa podutsa pa kabatiyo. A Simeoni nawo anakhala ngati mzere wa makabati umathera pa yoyandikana nayo.

Masiku ochepa aja anasanduka miyezi. Chiperoni chinabwera, nkhungu ikugona m'minda mpaka masana, zitsulo zikuchita thukuta. Mayi Esnat ankafika ena onse asanafike n'kutsamiritsa chipumi pa chitseko cha kabati ija. Fungo silinkamvekanso, si iwo omwe analitsekera? Koma kudziwa kuti lilimo kunkawapatsa mphamvu yoyambira tsiku. Ankawauza amuna awo nkhani za pamudzi: kuti denga la khitchini layamba kudontha, kuti kwaya yapeza wabesi wina wofika pa nthawi yake koma wosakoma, kuti Joy ku Limbe ali ndi pakati. Ankawasowa. Ankawasowa podya, ankawasowa panjira, ngakhale pokwiya, poti munthu womukwiyira analibenso. Masana ankatenga chinangwa chawo n'kukadyera pabenchi m'kati, kuseri kuja sankapitakonso.

Joy ankaimba foni pafupipafupi.

"Amayi, bwerani kuno muzidzakhala nafe. Chipinda chilipo. Ntchito imeneyo ikuthetsani msana."

"Msana udakalimba, mwana wanga."

"Ndiye chikukugwirani kumeneko n'chiyani?"

"Amuna awa ndikawasiya avunda ndi zovala zomwe," ankatero moseka, n'kusintha nkhani. Chifukwa chenicheni sanamuuze.

Mvula yoyamba itagwa, udzu unabuka m'mizere ya tiyi, ndipo kampani inayamba kulemba opopera a sizoni. A Simeoni anabwera masana ena, anakhala pabenchi, n'kuyamba kufunsa za Joy, za denga, za mbewu. Kapitawo akayamba kufunsa za mbewu pa nthawi ya ntchito, dziwani kuti wasenza mawu olemera.

"Amake Joy," anatero pomaliza, "mawa kukubwera bambo wina watsopano. Makabati onse adzaza. Ndayesa kuzemba, koma maodita a ogula tiyi aja akubwera mwezi uno, ndipo ovolosi ya pamsomali safuna kuiona."

"Apatseni yanga."

"Yanu ija ndi ya sopo ndi matawulo. Mukudziwa nokha kuti sizisakanikirana."

Mayi Esnat anapotokola nsonga ya epuloni. "Nanga ovolosiyo, ndingapite nayo kunyumba?"

"Lamulo mumalidziwa kuposa ine," a Simeoni anatero akudzuka. "Koma mukaichapa bwinobwino, ine maso angawa ayamba kuvuta masiku ano. Za m'majumbo a anthu sindiziona."

Mayi Esnat anathokoza, ngakhale ankadziwa kuti kuchapa n'kutaya chomwe ankasungacho. Ndiye anaganiza zotsegula ali okha, akoke mpweya umodzi wodzaza chifuwa, wa miyezi yonse imene anadzimana, kenako zichitike zochitika.

A Simeoni atatuluka, anatseka chitseko cha nyumbayo ndi windo lomwe. Anasamba m'manja, anakonza duku, ngati munthu woyembekeza mlendo. Kiyi anavuta kutembenuka chifukwa loko anali atagwira dzimbiri. Atatsegula, analowetsa nkhope yonse.

Chimene chinawalandira ndi fungo la nkhokwe yovunda. Anatsokomola mpaka misozi. Ovolosi yabuluu ija inali itamera ubweya wotuwa ndi mawanga akuda kuyambira pakolala mpaka kumiyendo. Anapisa dzanja m'thumba la pachifuwa, n'kupeza masamba a mandimu atasanduka phala lakuda. Sanagonje msanga. Ananunkhiza pakolala, m'khwapa, pamsana, pena paliponse pamene thukuta la munthu limabisala. Munalibe. Chuku chinali chitadya zonse.

Anakhala pansi pasimenti n'kulira mokweza, kulira kopanda wowatonthoza. Analira amuna awo, komanso anadzikwiyira koopsa. Akanasiya timabowo, fungo likanapita ndithu, koma pang'onopang'ono, iwo akulimva m'mawa uliwonse mpaka kutsanzikana nalo bwinobwino. Tsopano miyezi yonseyi anakhala akupereka moni kwa chuku, nkhani ya mimba ya Joy n'kuiuza nsanza yovunda.

Atatopa anadzuka, poti ntchito siferedwa. Anayesa kuchapa ovolosiyo. Itangolowa m'madzi inang'ambika m'mapewa, momwe malamba a sipuleya ankadutsa, ndipo pofinya inatsalira m'manja zidutswazidutswa. Panalibe choti n'kuika m'jumbo. Anakaiponya mumgolo wa zinthu zootcha. Anatenga sipoko n'kutokosa tinsanza tawo tomwe, anakwecha kabatiyo ndi madzi otentha, n'kuisiya chitsegulire. Jombo zokha ndi zimene zinapulumuka, poti za mphira sizivunda. Anazitsuka m'kati ndi kunja n'kuzikoleka mozondoka pazikhomo za panja. Sanazione ngati kanthu. Jombo za kampani zimafanana zonse.

M'mawa mwake a Simeoni anabwera ndi bambo watsopano uja, a Everson, munthu wa imvi zoyambayamba, atavala mapatapata. Ovolosi, magolovesi ndi masiki anali atalandira, koma jombo za sayizi yawo kusitolo kunalibe.

"Popanda jombo sindingakulowetseni m'munda," a Simeoni anatero. "Mubwerere kaye, oda ikafika tikuitanani."

Nkhope ya a Everson inagwa. Aliyense kuno amadziwa kuti wa sizoni akabwerera kunyumba, malo ake samudikira.

"Mumavala sayizi yanji?" mayi Esnat anafunsa. Atamva, anatuluka n'kubwera ndi jombo zija. "Ndikuuziranitu, achimwene, mwini wake anatisiya. Anali amuna anga. Ngati mtima ukukana, musadzikakamize."

A Everson anaziyang'ana kanthawi.

"Amayi, ine chimene ndimaopa ndi kubwerera kwa ana chimanjamanja," anatero. "Malemu andikhululukira."

Anakhala pabenchi n'kuvula mapatapata. Mayi Esnat sanafune kuona mapazi a munthu wina akulowa m'menemo, choncho anatembenukira kusinki n'kutsegula mpopi. Kumbuyo kwawo bamboyo anaimirira, anaponda kawiri kuyesa, kenako anayamba kuyenda pasimenti yongokolopa kumene kulowera kukhomo.

Phwa, kwii. Phwa, kwii.

Manja a mayi Esnat anaima m'madzi. Jombo ya kumanzere a Josiah anaimata okha kuchidendene ndi chigamba cha chubu cha njinga, ndipo chigambacho chikaponda ponyowa chinkalira. Ankakangana nawo za kulira kumeneko, kuwauza kuti akasinthe kusitolo, iwo n'kumati jombo yolira ndiyo yabwino, njoka zimathawa zokha. Anali ataiwaliratu. Miyezi yonse ija sanakumbukeko n'kamodzi komwe, koma tsopano anachita kugwira m'mphepete mwa sinki kuti asacheuke.

A Everson anali atafika pakhomo.

"Achimwene," mayi Esnat anaitana. "Tabwererani. Tayendaninso kuchokera kuwindoko, tione ngati zakukwanani."

Bamboyo anabwerera mpaka kuwindo n'kuyambanso. Ali pakati anaima modabwa.

"Koma amayi, simukuyang'anatu."

A Simeoni anawakodola ndi dzanja kuti asafunse zambiri. Mayi Esnat anatseka mpopi kuti madzi asasokose, nkhope idakali kukhoma.

"Yendani basi, achimwene," anatero. "Pang'onopang'ono."